Phazi Lozizira la Achemwali

Ku Luwawa m'mawa kunkanunkhira utomoni wa paini ndi utsi wa nkhuni zaziwisi. Ife tinali a ku Chikwawa, bambo atawasamutsira kumeneko pa ntchito ya zankhalango, ndipo kuzizira kwa Juni kunkatiliza. Tinkadandaula tsiku ndi tsiku mpaka aneba anatopa nafe.

Ndiye achemwali anga a Esinati atayamba kunena kuti phazi lawo lakumanzere lazizira, akanawamvera ndani? Akathamanga pa netibolo, katumba ankakokana mpaka kukhala pansi akulira. Amayi ankangowaveka masokosi awiri. "Mbwenu muzolowera, kuno kumazizira chomene," ankatero a NyaJere, aneba athu, uku akuseka. Ine wogona nawo mphasa imodzi ndinkadziwa kuti phazi linalo linali lofunda bwinobwino, koma ili linkangokhala ngati chule. Nanga za mwana amamva ndani?

Chala chachikulu chitayamba kuda, nthabwala zinatha. Kuchipatala ku Mzimba anati mnofu wa kuseri kwa bondo ukupana mtsempha, magazi sakufika kuphazi. Anawatumiza kuchipatala chachikulu kuti akang'ambe pamenepo n'kumasula mtsemphawo. Zikakanika, mwendo unali woti udulidwe, koma ife ana zimenezo sanatiuze.

Amayi anapita nawo. Pakhomo sipankakhalika ayi. Ndikangomva lole ya matabwa ndinkathamangira kumsewu, kubwerera, kuthamangiranso. Bambo akaweruka ankakhala kuseri kwa nyumba n'kumasema mtengo wa bulugamu wa mphanda. Ankaupala ndi galasi losweka, kuuyeza m'khwapa mwawo, kuufupikitsa, kuupalanso. Ndikafunsa, ankangoti, "Choka apa iwe!"

Tsiku lina masana achemwali anatsika galimoto ndi miyendo yonse iwiri, akutsimphina, kuseri kwa bondo kuli chilonda chosoka chokhotakhota. Asanalowe n'komwe m'nyumba, bambo anazungulira kuseri, anadula mtengo uja pawiri ndi nkhwangwa n'kuuponya pamoto.

Ndinakwiya kwabasi. Mtengo wosalala chonchija, ine ndinali nditauwerengera kale kuti ndizikagwetsera mapeyala. Lero ndili ndi mwana wanga wamkazi wa msinkhu umene achemwali anali nawo nthawi imeneyo, ndipo ndikudziwa chimene bambo ankasema masiku onse aja, ndi chifukwa chake sanafune kuti achemwali achione.