Nsapato Imodzi ya Bambo

Fungo la polishi limandichititsabe manyazi, ndi imvi zangazi.

Tinkakhala ku Fort Jameson, ife a ku Nyasalande, bambo akusoka zovala pakhonde la sitolo. Loweruka lina tinanyamuka wapansi kukacheza kwa mnzawo ku Kasenengwa. Nsapato zawo zokhazo, zowala moti ntchentche ikaterapo inkaterereka, ndikulumbira, anandinyamulitsa ine kuti akazivale polowa m'mudzi.

Pamtsinje ndinaona kuti nsapato imafanana ndi bwato. Ndinayesa imodzi. Inayandama bwino kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti inakafika ku Luangwa.

Bambo sanandimenye. Anavala yotsalayo, phazi linalo n'kulikulunga nsanza, nalowa m'mudzi akutsimphina.

"Mayo ine, alamu, chilonda!" anatero mkazi wa mnzawoyo. Anawakhazika pampando, nabweretsa madzi otentha, n'kumasula nsanza ija mudzi wonse ukuona. Phazi linali losalala ngati la khanda.

"Chapola m'njira, mlamu," anatero bambo, maso ali pansi.

Ine ndinasangalala kuti ndapulumuka. Ndinazindikira nditakula kuti bambo analolera kusekedwa okha kusiyana ndi kunditchula dzina.