Chifuwa chimene chinafuna kutilanda digiri

Chifuwa chinayamba mu Juni, nthawi imene nkhungu kuno ku Dedza imagona pansi mpaka dzuwa litakwera. Ndinali kukumba mbatatesi kudimba kwanga, cha kumunsi kwa Kasina. Kodi ndani satsokomola mu Juni kuno? Mutalowa m'tchalitchi mwezi umenewo, chifuwa chimamveka kuposa kwaya. Choncho sindinachiyese matenda. Ndinamwa madzi a mandimu, ndinafukiza masamba a bulugama, mipata ya mazenera tinatseka ndi zisanza monga timachitira chaka ndi chaka, mbaula n'kuilowetsa m'nyumba.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 2, ndipo mawu awa ndikulemba pang'onopang'ono. Koma m'mudzi mwathu uthenga wa maliro kapena wa msonkhano amalengeza ndine, nditaima pachulu, popanda chimkuzamawu. Ndipo ndi mbatatesi zomwezi ndinafikitsa mwana wanga womaliza, Esinati, ku koleji ya unamwino ku Lilongwe. Osati satifiketi ayi, digiri yeniyeni. Chaka chimenecho chinali chake chomaliza.

Pofika mu Ogasiti anzanga onse anali atasiya kutsokomola, ine ayi. Usiku ndinkatuluka thukuta mpaka bulangeti kunyowa, kunja kukuzizira. Chakudya sindinkachifuna. Lamba ndinamuboola bowo lina, kenako linanso. Mawu anayamba kusasa. M'mawa wina makhololo anatuluka ndi timagazi, ndipo akazi anga, aNambewe, anati timuuze mwana. Ndinakana. Kwathu kuno mwana amene akuyandikira mayeso sauzidwa zovuta za kumudzi. Ngakhale maliro a agogo ake amamubisira mpaka atalemba pepala lomaliza.

Koma iye anaimba foni yekha.

"Ababa, mwayamba liti kulankhula ngati mukulapa kwa ansembe?"

"Ndi netiweki, mwana wanga."

"Netiweki sitsokomola. Apatseni amayi foniyo."

Loweruka la sabata lomwelo Esinati anatsika kabaza pakhomo. Asanakhale n'komwe pansi anazula zisanza zonse m'mazenera n'kutsegula. Amayi ake anati, "Iwe, wabwera kudzatipha ndi mphepo?" Iye anayankha kuti choopsa si mphepo, koma mpweya wotsekeredwa umene tonse tinkapuma m'nyumbamo.

Lolemba tinalawirira kuchipatala cha pa boma. Tinapeza mzere wafika kale panja. Tinakhala pa benchi, kabuku ka kuchipatala kali m'manja, tikusendera pang'onopang'ono. Anandikweza pa sikelo. Anandipatsa kabotolo kuti ndikalavuliremo makhololo panja, kutali ndi anthu. Anandijambula pachifuwa, anandiyezanso magazi. Titabwerera kukamva zotsatira, adokotala anati ndi chifuwa chachikulu, TB. Anati, "Bambo, matendawa amachizika, ndipo mankhwala ake ndi aulere. Koma ndi a miyezi isanu ndi umodzi, tsiku ndi tsiku. Mukalekezera panjira amabwerera ali olimba kuposa poyamba." Anayezanso aNambewe, ndipo anapezeka alibe.

Chimene chinandiopsa si dzina la matendawo. Ndi zimene Esinati ananena tili pa depoti podikira minibasi. Anati sabwerera kusukulu, akapempha kuti amupumitse chaka chonse adzandisamale. Ine ndaona ana ambiri amene anati akupuma chaka chimodzi. Lero akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu.

Ndinati, "Ubwerera mawa."

"Ndikukudziwani, ababa. Mukangomva bwino mudzataya mapiritsi."

Pamenepo tinapangana, amayi ake ali mboni. Ine sindidzalumpha mapiritsi ngakhale tsiku limodzi, iye sadzalumpha kalasi. Ndikaphwanya pangano, aNambewe amuimbira foni, ndipo iye asiya sukulu n'kubwera. Mwa njira imeneyi digiri ya mwana wanga inakhala pakhosi panga.

Mapiritsiwo ndi akuluakulu, ndipo amamwedwa m'mawa m'mimba mulibe kanthu. ANambewe ankaima patsogolo panga ndi kapu ya madzi, ndikameza n'kunena, "Yasamulani ndione." Mwamuna ngati ine, kumandiyang'ana m'kamwa ngati mbuzi ya pamsika! Ndinkayasamula.

Masiku oyambirira mkodzo unafiira. Anamwino anali atandichenjeza, komabe nditauona ndinachita mantha. Anthu obwera kudzazonda anati amenewo ndi magazi, mankhwala akundidula m'kati, ndisiye. Wina anabwera ndi mizu m'botolo. Sindinasiye, ndipo mwana sindinamuimbire, chifukwa nthawi imeneyo anali kuphunzira ntchito m'mawodi. Ndinakwera kabaza ndekha kubwerera kuchipatala. Namwino anati, "Agogo, umenewo ndi mtundu chabe wa mankhwala. Koma maso akachita chikasu, kapena mukamasanza osaleka, thamangirani kuno." Ndinabwerera kwathu mtima uli m'malo.

Mwezi ndi mwezi ndinkapita kukatenga mankhwala ena. Benchi yomweyo, sikelo yomweyo, koma singano ya sikelo inayamba kukwera. Pa benchipo ndinkayang'anitsitsa anamwino mmene amagwirira ntchito, kuyambira m'mawa osakhala pansi, wodwala wina akulira uku, wina akuwalalatira uko. M'mbuyomo ndinkanyadira digiri ngati dzina chabe. Pamenepo m'pamene ndinaona chimene mwana wanga akuphunzira, ndipo aliyense wokhala pafupi nane ndinkamuuza kuti wanganso akubwera.

Nthawi yovuta kwambiri inali ya mvula yoyamba, mu Novembala. Chifuwa chinali chitatha, thukuta litasiya, njala itabwerera. Ndinkalima mizere ngati mnyamata. Munthu ukumva bwino chonchi, mapiritsi ndi a chiyaninso? Mawondo ankaphwanya chifukwa cha mankhwalawo, ndipo m'mawa wina ndinakhala nthawi yaitali mapiritsi ali m'manja. ANambewe anangolowa m'nyumba n'kutuluka ndi foni. Ndinameza asanadine nambala.

Chimanga chili ndi ngayaye ndinamwa mapiritsi omaliza. Anayezanso makhololo, ndipo adokotala anati mulibe kachilombo, ndachira. Esinati naye analemba mayeso ake onse n'kukhoza. Tsiku lolandira digiri ndinavala jekete imene chaka chapitacho inkandilendewera, ndipo inandikwana. Atatchula dzina lake, akuyenda ndi gauni kutsogolo kwa khamu lonse lija, aNambewe analuluta, ine ndinaimirira ndi miyendo yanga osagwidwa mkono. Ndinafuula kuti, "Wanga ameneyo!" Bambo amene anakhala kutsogolo kwanga anagwira khutu.

Lero ndili bwino. Ndikulima, ndikudya, ndikugona tulo touma. Esinati akugwira ntchito m'wodi ya ana, ndipo odwala amamutchula kuti anamwino.

Tsono inu anzanga a kumapiri kuno, tamverani. Chifuwa chikadutsa milungu iwiri, makamaka ngati mukuonda kapena kutuluka thukuta usiku, musanamizire chisanu. Pitani akakuyezeni makhololo. Akakupatsani mankhwala, malizani onse, ngakhale mutamva ngati mungathe kunyamula ng'ombe. Ndipo ngati muli ndi mwana kusukulu amene mukuopa kumusokoneza, kubisa sikumuteteza. Ine kubisako kunatsala pang'ono kumuchotsa mwana wanga m'kalasi. Pitani msanga nokha kuchipatala, kuti akadzaimba foni mudzamuuze kuti, "Ndayamba kale mankhwala, iwe werenga."