Ndinatsika Zitunda za Ntchisi Chikole Chili M'thumba

Lachiwiri lapitali ndinakwera zitunda za ku Ntchisi wapansi, m'thumba muli chikole: mpango wakumutu ndi mikanda yoyera. Ndinapita ngati nkhoswe ya mphwanga Yosefe, mphunzitsi wa ku mishoni kuno ku Dowa, kukafunsira mbeta dzina lake Esinati. Chikolecho ndinabwera nacho, miyendo itatupa, ndipo mpaka lero ndidakali wokwiya.

Mlanduwu ndikuuika pa mabuku. Dona wina pobwerera kwawo anasiya bokosi la mabuku a nthano zachikondi, ndipo mphwangayo, poti Chingerezi chimamuyabwa pakamwa, anawameza onse. Inenso ndinawerengako awiri kuti ndione chimene chamugwira mwana wa mayi anga.

Abale, munaonapo ulesi wochita kusindikiza? Nkhani yake ndi imodzimodzi. Kamudzi kakang'ono, aliyense akudziwa mnzake. Mnyamata waona mtsikana pakhomo la tchalitchi. Papita masamba makumi asanu, wamupatsa moni. Papita ena zana, wamutolera kansalu kamene kanagwa. Dzinja lafika, lapita, iwo akungoyang'anana ngati mbuzi ziwiri zomangidwa pa zikhomo zosiyana. Pa tsamba lomaliza m'pamene mkuluyo akutsegula pakamwa, mkazi n'kugwetsa misozi, ati ankadikira tsiku lomweli.

Nanga nthawi yonseyi amadya chiyani? Sindinaonemo ngakhale mmodzi atagwira khasu.

Chimene chimakoka anthu ndikuchidziwa, sindine mwala. Masiku ano amuna akuthera ku Halale ndi kumigodi, ena kalata imodzi yokha kenako zii. M'mabukumo palibe amene amachoka. Munthu amene unamusiya pa tsamba loyamba umakamupeza ali pomwepo, akukudikira. Zimakoma kuwerenga, koma ndi bodza lamkunkhuniza.

Yosefe anatengera zomwezo. Zaka zitatu wakhala akukwera mapiri a ku Ntchisi aja kumapeto a mwezi uliwonse. Ankaperekeza Esinati pochokera ku tchalitchi, pakati pawo pali mpata woti ngolo n'kudutsa. Anamubwereka buku la nyimbo, n'kukalitenga, n'kumubwerekanso. Ndikamuuza kuti anditume kwa akuluakulu, ankaseka.

"Achimwene, musapupulume. Chikondi chenicheni sichifuna phuma."

Komatu kwathu kuno mwamuna amene sanatume nkhoswe sananene kanthu. Angayende mpaka nsapato kutha, mudzi umangomuona ngati wodutsa wokonda moni. Zimenezi Yosefe anabadwa akuzidziwa, mabuku ndi amene anamuiwalitsa.

Sabata yathayi anati tsopano nthawi yakwana, ine n'kunyamuka. A Chisale, amalume ake a mtsikanayo, anandiyalira mphasa n'kumvetsera mawu anga mpaka kumapeto.

"Bambo, pepani, mwavutika ndi ulendo," anatero. "Koma mwana uja anamutomera mwezi wathawu. Ndi mnyamata wolima fodya wa kutsidya kwa dambo. Onani kuseriko, wazika kale mitengo ya nyumba."

Ndinapempha kuti ndimve kwa mwiniwake. Esinati anabwera n'kugwada chapatali, maso ali pansi.

"Bambo, sindinama, ine ndinkawakonda aphunzitsi aja. Koma zaka zitatu amangondifunsa ngati mvula yagwa bwino kwathu. Anzanga onse ali ndi ana kumbuyo. Amayi akandifunsa kuti kodi munthuyu akuti chiyani, ine ndimati akuti mvula."

Sanakomoke ngati akazi a m'mabuku aja. Anadzuka n'kubwerera kumene ankapeta mphale. Ine ndinachita manyazi aakulu, ndipo ndinamumvera chisoni mwanayo kuposa mphwanga.

Nditafika kunyumba ndinamuuza Yosefe zonse. Mukuganiza kuti analira? Anandilimbitsa mtima ineyo!

"Musadandaule achimwene. Zoterezi zimachitika pakati pa nkhani. Wina amalowerera, koma kumapeto mtsikana amazindikira."

Ndinamuuza kuti udzu wofolera amweta kale, ndipo dzina la Esinati alilengeza m'tchalitchi Lamulungu likubwerali. Yosefe anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye anati ankandikonda?" Ndinavomera. Chiyambire tsikulo sakudya bwino.

Tsono inu anyamata asukulu amene mukulimbirana bokosi lija, ndimvereni. Mtsikana wa m'buku amadikira chifukwa ndi wapepala. Sakalamba, alibe amayi omufunsa mafunso, ndipo wolemba amamusungira mnyamatayo mpaka tsamba lomaliza. Nanga wanuyo, amene mukungomupatsa moni chaka ndi chaka, akukusungirani ndani?