Amayi anga awapachika pafupi ndi nyani

Amayi tinawaika m'manda mwezi watha ku Mpama. Lolemba lapitali ndawapeza ali pakhoma, pafupi ndi nyani.

Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo pa Njuli. Kunabwera lole ya azungu yodzaza mabokosi, n'kukawatsitsa m'nyumba ina pafupi ndi msika. Akuti chionetsero cholemekeza mzungu wina wandevu wa kwawo, amene anazungulira dziko akutola mbalame ndi mafupa, n'kunena kuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono, ndipo munthu ndi nyani kholo lawo ndi limodzi. Zimenezo akangane nazo abusa. Ine ndinalipira tiki pakhomo kuti ndikaone agulugufe, basi.

Agulugufe ndinawaona, obayidwa ndi mapini. Kenako khoma la kumapeto. Chithunzi cha nyani, chigaza cha chinyani china chachikulu, munthu waubweya atanyamula chibonga, ndiye chithunzi cha amayi. Patsogolo pawo mzungu wa tayi. Mzere woteronso ukufuna mphunzitsi kuti umveke?

Chithunzicho mbiri yake ndikuidziwa. Chaka chatha mzungu wa kamera anawapeza pamsika akugulitsa nandolo, nakopeka ndi mphini zawo za Chilomwe kumaso. Anawavulitsa duku, n'kuwapatsa sopo. Anabwera kunyumba akuseka, ati nawonso ajambulidwa ngati anthu a m'tauni. Amwalira osachiona, ndipo chithunzi chawo china kulibe. Mayi woyambitsa nyimbo m'tchalitchi ku Mbombwe, pansi pake alembapo dzina lotukwanira Alomwe lija, "Mnguru". Ana a sukulu analipo, akuloza n'kumaseka. Ndinabwerera pakhomo kukapempha kuti achichotse.

Mesenjala wa pakhomo ati iye ntchito yake n'kuletsa anthu kugwira zinthu, ndipite kwa kalaliki. Kalaliki ndinamupeza akudya chinangwa, osadzuka n'komwe.

"Mwalipira, bambo?"

"Ndalipira."

"Ndiye kaoneni. Mwalipirira kuona."

Ndinavula chipewa kumuonetsa mutu wanga wometa pamaliro, tsitsi lisanamere bwino. Ndinati amene muwapachika apowo ndi amayi anga ondibala, dothi la pamanda pawo silinaume.

"Pepani maliro, achimwene. Koma chimenecho si amayi anu, ndi katundu wa eni chionetsero. Wochotsa ndi bwana yekha."

Nanga bwana ali kuti? Akuti wakwera phiri kukagwira agulugufe. Imeneyo inali teni koloko. Ndinakhala pamwala panja mpaka folo koloko, makina anga ali okhaokha pakhonde, malaya a ukwati a munthu osatha.

Bwana anatsika ndi kaukonde kake paphewa, thukuta lili kamukamu. Anandimvera, kalaliki akumasulira. Yankho lake ati ndinyadire, amayi akuthandiza maphunziro. Ndinapempha andigulitse chithunzicho. Ati sichogulitsa. Ndinati chabwino, chisuntheni chikakhale kwa agulugufe. Ati mzere usokonekera. Mzere! Ndinamufunsa kuti nanga amayi ake omwe, bwanji sanawaike pamenepo kuti mzere ukome?

Zimenezi kalaliki sanamasulire. Bwana m'malo mwake anali akuyang'anitsitsa mutu wanga wometawu, akuuzungulira. Analankhula kenakake, kalaliki n'kuyang'ana pansi.

"Akuti mutu wanu ukuoneka bwino mukameta. Ngati mungalole, auyeze ndi tepi."

Tepi ndili nayo yanga m'khosi, ndimayeza nayo anthu kuti avale. Ndinavala chipewa n'kutuluka. Kalaliki anandithamangira kudzandibwezera tiki yanga, ati bwana wandikomera mtima. Ndinaisiya m'manja mwake momwemo.

Tsono eni chionetsero ayankhe. Anakupatsani chilolezo ndani? Sopo uja ndiye anagula nkhope ya mayi? Ndipo inu azimayi a pamsika, mzungu wa kamera akakuuzani kuti muvule duku, funsani kaye khoma limene mukakhalepo.

Loweruka lole ija inyamuka kupita ku Namadzi. Kumeneko kunakwatiwa mlongo wanga, chitsirizira wa amayi, amene tinachita kumugwira pamanda kuti asagweremo. Amene mukupita njira imeneyo, muuzeni asalowe m'chionetserocho. Koma ndikumudziwa. Akangomva kuti nkhope ya amayi ili m'menemo, alipira tiki n'kulowa.