Kolona ya Achimwene Augustino pa Ekisileyi

Achimwene anga Augustino ndi munthu woti ukawauza kuti kum'mawa ndi uku, iwo amaloza kumadzulo. Amalima thonje ndi mapira kwa Tengani, ndipo chipulumukireni pamtengo chaka cha madzi osefukira chija, kolona sichoka m'khosi mwawo. Amasamba nayo, amagona nayo.

Chifuwa chitawayamba anati ndi fumbi la mapira. Chitakula anati ndi mankhwala opopera thonje. Anaonda mpaka buluku kumangira luzi. Ine ndinkaopa TB, iwo n'kumangoseka. Ndinachita kuwakokera kuchipatala kuboma.

Wojambula ekisileyi anali mtsikana waulemu. "Agogo, chotsani chilichonse cha m'khosi," anatero.

"Mulibe kanthu, mwanawe," anayankha achimwene, kolona ataibisa m'kati mwa vesiti. Munthu wa Mulungu kunama masanasana!

Chithunzi chinatuluka ndi timadontho toyera tili ndandanda, kamtanda kali pansi pake. Dokotala anapukusa mutu n'kuti ajambulidwenso atavula zonse. Nthawi yomweyo magetsi anathima, tinabwerera kumudzi chimanjamanja.

Ndiye kuti abwererenso kuboma! "Nkhabe, sindipita, Evelesi," ankandiuza. "Makina a azungu aona mtanda pachifuwa panga, iwe ukufunanso chiyani?" Nkhaniyo anaifalitsa kutchalitchi, kumsika, ngakhale kwa anyamata a kabaza. Thonje linatoledwa, linagulitsidwa, iwo akutsokomolabe. Ndinakwiya mpaka ndinasiya kuwalonjera.

Anagonja tsiku limene anaona magazi m'malovu. Ulendo uno kolona ndinawavula ndekha, ndipo sindinapemphe chilolezo.

Timadontho tonse tinachoka, kupatula kamodzi kumtunda kwa phapo lakumanja. Dokotala anati dontho palokha silinena matenda, choncho anayezanso makhololo. Inali TB, ya mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa.

Achimwene anayang'anitsitsa chithunzicho. "Kameneka kanalipo ulendo woyamba uja, adokotala?"

"Kanalipo, bambo. Kanabisala pakati pa mikanda yanu. Nthawi imeneyo kanali kakang'ono."

Njira yonse yochokera kwa Tengani ndinali nditakonza mawu owakalipira nawo, ambirimbiri. Koma ndinangowagwirira malaya kuti avale, n'kuwamangira mabatani.