Usipa M'bulangete

Linali Loweruka, pa 12 Okutobala, cha m'ma 9 koloko m'mawa, pamene mkazi wanga anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati n'kuiika pamphasa. Mwana wathu woyamba, wamkazi, anali atasankhidwa kukaphunzira zauphunzitsi ku Lilongwe, ndipo Lamulungu m'mawa anayenera kukwera minibasi. Kumeneko ankakagona m'hositelo, chipinda chimodzi ndi atsikana amene sanawaonepo.

Ine ndinalibe ntchito yeniyeni. Ndinatuluka kukapopa matayala a njinga omwe anali olimba kale. Ndinabwerera, ndinayesa loko wa sutikesi, ndinatulukanso.

"Abambo, mukutitsekera kuwala," anatero mkazi wanga. "Khalani pansi kapena pitani kudoko."

Kudoko sindinapite, ndipo pansi sindinakhale.

Mwanayo anali atasita zonse dzulo lake: mabulauzi oyera, masiketi, zitenje ndi nsalu zoyala pabedi. Bulangete linali latsopano, logula ku Dwangwa. Atatha kulongeza, mwanayo anapita ku Boma kukajambulitsa zithunzi zimene akukoleji ankafuna.

Kwathu kuno munthu sachoka popanda kamba. Anansi anayamba kufika, wina ndi kathumba ka mpunga, wina ndi mtedza wokazinga. Cha kumasana kunabwera achemwali anga aakulu, amene amagula nsomba kudoko, kuziyanika ndi kukagulitsa. Ntchito yanga ya kunzimbe itatha zaka zija, mwanayu anamaliza sekondale chifukwa cha thandala lawo loyanikirapo nsomba. Anatula dengu pakhonde. Munali usipa wouma wosankha, waukuluukulu, wonyezimira, ndi zidutswa za kampango wowamba.

"Ndamva kuti kukoleji ndi nyemba Lolemba mpaka Lolemba," anatero. "Mwana wanga sakauma ndi nyemba ine ndili moyo."

Usipa wouma suchedwa kuphwanyika. Ukangouthira m'thumba n'kuukweza minibasi, umakafika mitu payokha, michira payokha. Choncho achemwali anachita zimene amachita potumiza nsomba kwa abale akutali. Anaukulunga m'nyuzipepala, anafunyulula bulangete lija, anauika pakati n'kulipindanso. Kampango anamulowetsa pakati pa zitenje ndi mabulauzi kuti asakhudzane ndi china cholimba. Mkazi wanga anakanikiza chivindikiro, ine ndinakhoma loko. Ndinaona kuti ndi nzeru yabwino, ndipo ndinanena choncho. Sutikesi tinaitulutsira pakhonde kuti m'nyumba asese, ndipo dzuwa la Okutobala linaipeza pomwepo.

Mwana anabwerako dzuwa litapendeka. Anabwera ndi aphunzitsi aakazi oyandikana nafe nyumba, ochokera ku Dedza, omwe anali atangosamukira kuno. Iwo anaphunzira pakoleji yomweyo, ndiye ankafuna kuona ngati pali chimene taiwala. Mwana anatsegula sutikesi monyadira. Aphunzitsi anawerama, kenaka anabwerera m'mbuyo pang'ono. Dzanja lawo linapita lokha pamphuno.

"N'chiyani, madamu?" anafunsa mwana.

"Ayi, mwina ndi mphepo ya kunyanja."

Mwana anayamba kufukula zovala. Pabulauzi yoyera panali banga la mafuta a kampango, lalikulu ngati chikhatho. Atatambasula bulangete, usipa unamwazika pamphasa.

Ndinatola bulauziyo n'kuinunkhiza. Ndinamva sopo. Mkazi wanga nayenso ananunkhiza, anamva sopo. M'nyumba mwathu nsomba sichoka, ndipo mphuno zathu zinaleka kalekale kuimva.

"Madamu, nenani zoona," anatero mwana. "Zikununkha?"

"Zikumveka ndithu. Ndipo sindikubisa, kuhositelo kuli pakamwa. Akakupatsa dzina sabata yoyamba, umamaliza nalo sukulu."

Mwana anakhala pansi, misozi ili chuchuchu. "Azakhali, mwandichita chiyani? Akanditcha Usipa mpaka ndimalize!"

Achemwali anali atakhala pamtondo wogwetsa, akudya mtedza. Anaimirira pang'onopang'ono n'kumanga chitenje.

"Lero usipa wayamba kununkha? Pamene unkakulipirira sukulu unkanunkhira ngati perefyumu?" Kenaka anatembenukira kwa ine. "Achimwene, mupatse amphaka."

Anatenga dengu lawo lopanda kanthu n'kuuyamba. Ndinawatsatira mpaka pamtengo wa mango, ndikufunafuna mawu. Sanatembenuke. Anangoti, "Bwererani mukachape."

Achemwali anga ndimawadziwa. Akakhumudwa sakalipa kawiri, amangosiya kubwera, ndipo chaka chimatha. Ndinaopa kuti mwana achoka m'mawa osatsanzikana ndi azakhali ake, n'kudzabwera pa holide atasanduka alendo. Koma kumukakamiza kuti alowe m'chipinda cha anthu osawadziwa ndi zovala zoti amseke nazo, ndinalephera. Ndinazungulira nyumba, ndinalowa, ndinatuluka, kenaka ndinanyamula zidebe kupita kumjigo.

Tinachapa zonse. Ine ndinkapopa madzi, mayi ndi mwana ankachapa osayankhulana. Mwayi wake kamphepo kanalipo ndipo kunali kukutenthabe, choncho zopepuka sizinachedwe kuuma. Vuto linali lakuti pakati pathu panalibe wodziwa ngati fungo latha. Tinayamba kutengera zovala kwa aphunzitsi aja, omwe anakhala pakhonde ngati woweruza.

"Iyi yakhoza," ankatero. "Iyi ibwereze."

"Madamu, mayeso anuwa aposa a Fomu 4," anatero mkazi wanga. Bulauzi ya banga ija inabwereza mpaka anaithira ndimu.

Bulangete ndiye linalephereratu. Linamwa madzi, linalemera ngati ukonde wonyowa, ndipo zinaonekeratu kuti siliuma. Ndinalowa kuchipinda, ndinachotsa bulangete langa pabedi, ndinalikung'untha bwinobwino n'kupita nalo kwa woweruza. Aphunzitsi ananunkhiza kamodzi, anayesa kudzigwira, kenaka anaphulika ndi phwete.

"Pepani abambo, ili laposa lija."

"Kodi zaka zonsezi ndakhala ndikugona ndi kampango osadziwa?" anatero mkazi wanga.

Mwana anaseka maso ali ofiira. Aphunzitsi anapita kwawo n'kubwera ndi bulangete lawo, akuti adzabweze pa holide.

Usipa unali ukadali pamphasa. Amphaka sindinawapatse. Ndinautola wonse, ndinapeza chitini chachikulu cha mkaka chopanda kanthu, ndinayala pepala pansi n'kuusanja kuti usagwedezeke. Ndinatseka, ndinakulunga m'majumbo, ndinamanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndinapita nacho kwa aphunzitsi. Anachitembenuza uku ndi uku, akununkhiza.

"Sindikumva kanthu," anatero.

Kampango sanakwane m'chitini, ndiye tinamudya madzulo omwewo ndi kondowole. Chitini ndinachiika pazenera, poonekera. Mwana anachiona koma sanafunse. Tikusamba m'manja ndinangonena kuti, "Usipa uja azakhali ako anachita kusankha umodziumodzi."

"Ndikudziwa, ababa."

Kunena kuti anyamule kunali kosavuta, ndipo akanandimvera, koma chitini akanakachisiya pansi pa mpando wa minibasi.

M'mawa ndinadzuka nkhuku zisanatsike. Ndinamangirira sutikesi pakaliyala, ndowa yosambira ndi neti pamwamba pake. Chitini ndinachipachika pachiwongolero. Tinayenda wapansi mpaka kumsewu, ine ndikukankha njinga, mayi ndi mwana ali pambuyo kukumbutsana za sopo ndi mankhwala a malungo. Ndinkayang'anayang'ana njira yochokera kudoko. Achemwali sanatulukire.

Minibasi inaima, kondakitala analumpha n'kuyamba kukweza katundu. Atamaliza analoza pachiwongolero.

"Nanga chitinicho, madala? Chikupita kapena n'chanu?"

Ndinayang'ana mwana. Anali ataponda kale pachitseko. Anachiyang'ana kanthawi.

"Chikupita," anatero. "Koma chikhale kutsogolo, kutali ndi sutikesi."

"Muli chiyani, asisi, bomba?"

"Ndiwo. Zikukukhudza?"

Atakhala pansi anatsegula zenera. "Ababa, mukawauze azakhali kuti ndanyamula. Ndikafika ndiwaimbira."

Minibasi itapita, mkazi wanga anabwerera kunyumba akupukuta m'maso ndi chitenje. Ine ndinakwera njinga kulunjika kudoko. Achemwali ndinawapeza pathandala akutembenuza usipa wa m'mawawo. Anandiona koma sanaweramuke.

"Wanyamula," ndinatero. "Akuti akuimbirani."

Anapitiriza kutembenuza.

"Wonse?"

"Wonse. Kupatula kampango, tinadya."

"Anathira tomato wokwanira? Alamu anga aja amaumira tomato."

Anandikankhira beseni ndi phazi. Ndinatsamiritsa njinga pamtengo, ndinapinda manja a shati, ndipo ndinayamba kuwathandiza kuyanika.