Pulasitiki ya Pansi pa Mkuwa

Kwathu chinthu chatsopano sitichivula. Wailesi imakalamba ndi pulasitiki yake kumaso, njinga imayenda ndi makatoni ake mpaka atayoyoka okha. Mipando itatu ya pabalaza imene amayi anga anagula titabwerako ku Zambia ndinailandira iwo atamwalira ikadali m'mapulasitiki ake. Ukakhalapo mwezi wa Okutobala, podzuka umachita kudzimatula. Ife sitinkaona chachilendo. Munthu amene anathawapo nkhondo ndi kamtolo kamodzi pamutu sakhulupirira kuti chatsopano chidzabweranso kachiwiri. Ndayamba ndi zimenezi kuti mukamva zomwe ndinachita musandiyese wamisala.

Mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, anakaphunzira za makompyuta ku Tete. Atabwerera kuno ku Fingoe, kumene tinasamukira potsata magetsi, anatiuza kuti akufuna kompyuta yamasewera, yamphamvu, yoti achinyamata azidzasewera m'kachipinda ka kuseri kwa banka yathu, momwe timagulitsa sopo ndi mchere. Mbuzi zake zinali zitaswana bwino kwa amalume ake ku Malowera, choncho ndalama zinalipo, ndipo za kugula tinagwirizana msanga. Panavuta ndi pa kagulidwe.

Bambo ake ankafuna yomanga kale. "Ku loja, kusitolo ya ku Tete, ziliko zotsekatseka, za garantiya yoti zikafa amakukonzera," anatero. "Munthu umangolumikiza kukhoma n'kuyatsa. Iwe ukufuna kugula nyama payokha, chikopa pachokha, nyanga pazokha, kenako usoke kuti mbuziyo ilire?"

"Ababa, yotsekayo simudziwa zimene aikamo," mwana anayankha. "Kunja imawala, m'kati muli zofooka. Ndiye ikadzafa mvula itadula msewu, garantiya ili ku Tete idzatithandiza chiyani? Yomanga ndekha ndidzadziwa parafuzu aliyense, kachitsulo komangira kalikonse."

Anakangana sabata yathunthu. Pomaliza bambo ake anagamula kuti: ikayaka, chipinda n'chake, ikakana, muikidwa matumba a chimanga, iye akhale pa banka azigulitsa sopo, nkhani za komputadori zithere pomwepo. Ine ndinali kumbali ya mwana, ndipo ndinanena mokweza kuti aliyense amve. Pakamwa panga sipachedwa.

Makatoni anabwera pa kamyau, galimoto ya katundu, tsiku lina m'mawa, ali mbuu ndi fumbi. Mwana anasesa chipinda kawiri, anavula nsapato, nagwira chitsulo cha pawindo asanakhudze kanthu, akuti m'thupi mwa munthu mumakhala timagetsi tobisika timene timapha zipangizo. Ine ndinakhala pampando wa ndalema n'kumaonerera. Anatulutsa chibolodi chakuda chimene ankachitcha pulaka. Nditachiyandikira ndinaona timisewu tasiliva tosawerengeka, timakona, tinyumba, ngati tauni ukamaiona uli paphiri. Ndinafunsa kuti anajambula zimenezi ndani, ndi dzanja lotani. Kenako anatsegula kabokosi n'kutulutsa kachitsulo kochepa kuposa bisiketi, nati umenewu ndiye ubongo. Anakagwira m'mbali ndi zala ziwiri, mpweya ataugwira, n'kukatsitsira pamalo pake osakankha ngakhale pang'ono. Kanangolowa kokha.

Manja amenewo ine ndimawadziwa. Anandiswera makapu ambiri, anapsereza ndiwo kosawerengeka. Tsiku limenelo sanali kunjenjemera ngakhale pang'ono, ndipo ndinachita mantha ndi mwana wobereka ndekha, mantha okoma aja amene umakhala nawo mvula yoyamba ikamagunda.

Panali chipangizo china chachikulu, cha timalata tambiri topyapyala ndi chopemerera mphepo. Kunsi kwake kunali mkuwa wosalala, wophimbidwa ndi kapulasitiki koonekera. Mwana anakamatula n'kukasiya patebulo. Nthawi yomweyo woyendetsa kamyau anaimba hutala panja, akuti katoni imodzi inatsalira pansi pa matumba. Mwana anatuluka chothamanga.

Ndinatsala ndekha ndi mkuwa uja. Unkawala moti ndinaona diso langa m'menemo. Kunja kamphepo kanali kakuulutsa fumbi, ndipo kanthu katsopano chotere kanali pamtunda, kosavala. Sindinaganize n'komwe. Ndinatola kapulasitiki kaja, ndinakabwezera pamalo pake, n'kukasalaza ndi nsonga ya chitenje mpaka osaoneka kuti pali kanthu. Ndinatembenuza chipangizocho kuti mkuwa uyang'ane pansi, fumbi lisaufike. Ndinadziyamikira mumtima kuti nanenso ndathandizako. Safunsa anadya phula, ndipo phula la tsiku limenelo ndinadya ndine.

Mwana atabwera anadontheza kaphala kotuwa, kochepa ngati nandolo, pamwamba pa ubongo uja. Ananyamula chipangizo chamkuwa n'kuchikhazika pomwepo osachitembenuza. Akanachiyang'aniranji, poti pulasitiki anali atachotsa yekha?

Dzuwa litapendeka anayatsa. Zopemerera zinayamba kuzungulira mwakachetechete, m'kati mwa bokosi la kompyutayo munayaka kuwala kobiriwira, ndipo pagalasi loonerapo panatuluka zilembo. Bambo ake anaima pakhomo ngati akufunafuna chingwe cha njinga. Mwana analowetsa masewera, ndipo ndinaona dziko. Udzu unkagwedezeka ndi mphepo, tsamba lililonse palokha. Munthu wokwera hatchi ankatsetsereka phiri, mthunzi wake ukumutsata pamiyala. Ndinagwira pakamwa. Koma posakhalitsa zopemerera zinayamba kulira ngati chigayo, hatchi inayamba kudumphadumpha, kenako galasi lonse bii. Mwana anayatsanso, chimodzimodzi. Kachitatu, chimodzimodzi.

Bambo ake anangolowa n'kuyamba kuyeza chipinda ndi mapazi, kuona kuti mungalowe matumba angati. Zikanakhala bwino akanalalata.

Masiku awiri mwana anazula ndi kubwezera chilichonse, nthambo ndi nthambo, kupatula chamkuwa chija. Chakudya ankangochigwiragwira. Ine ndinkamupempherera ndi mtima wonse, osadziwa kuti mfiti ya nkhaniyi ndi yemwe akupempherayo. M'mawa wa tsiku lachitatu tikusenda mtedza pakhonde, anayamba kulankhula ngati akudziuza yekha.

"Ubongo ukutentha, amama, ndiye makina akudzizimitsa kuti asapse. Kutentha kumayenera kudutsa kulowa mumkuwa, pakati pasakhale kanthu, ngakhale tsitsi. Pulastiku ndinachotsa ndi dzanja langali, ndikukumbuka bwino. Ndiye kapena chinabwera chakufa, kapena ineyo ndiye sindidziwa kanthu. Mwina ababa amanena zoona."

Mtedza unandigwa m'manja. Ndikanakonda kulemba kuti ndinaulula pomwepo, koma ndinakhala chete mpaka masana. Ndinasesa pabwalo posesedwa kale. Ndinkaganiza za pakamwa panga paja, mmene ndinkawalalatira amuna anga kuti iwo ndi achikale. Koma mawu akuti "sindidziwa kanthu" sanandichoke m'khutu. Mwana ameneyu ankadziwa zonse, ndipo ankafuna kutaya nzeru zake chifukwa cha manyazi a mayi ake.

Ndinawapeza onse awiri m'kachipinda muja, bambo ake atalowetsa kale thumba loyamba.

"Mwanawe, masula chamkuwacho," ndinatero.

"Amama, chimenecho chilibe vuto."

"Masula. Pulastiku ija ndinabwezerapo ndine, utapita ku kamyau. Ndimaopa fumbi."

 Mwana anatenga shavi yake, kachitsulo kopotokolera, n'kumasula. Pulasitiki inali pomwepo, itakwinyika ndi kutentha, phala lotuwa litapakika pamwamba pake. Anayamba kuseka, anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kusekako kunasanduka kulira kwenikweni.

"Amama, masiku atatu ndakhala ndikudziona ngati chitsiru!"

"Ndikhululukire, mwana wanga," ndinatero. Aka kanali koyamba kupepesa mwana wobereka ndekha, ndipo mawuwo anatuluka movuta.

Bambo ake anapukusa mutu. "Amake mwana, inu mukanakhala ndi makwerero, bwenzi dzuwa lomwe mutalikulunga."

Mwana anapukuta mkuwa, anadontheza phala latsopano, namanganso. Atayatsa, tonse atatu tinadikira chigayo chija. Sichinalire. Hatchi inatsetsereka phiri, inadutsa pamene inkafera paja, inapitirira. Inafika pamtsinje, ndipo madzi anagawikana pamiyendo yake, mitambo ikuoneka m'madzimo. Mwana anandipatsa chowongolera m'manja, nandionetsa podina. Ndinayendetsa hatchi ija m'madzi, ine amene sindinakwerepo ngakhale bulu. Ndinaika dzanja pamwamba pa bokosi, ndinamva kampweya kofunda kakutuluka pang'onopang'ono ngati ka mwana wogona.

Bambo ake anasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Zonsezi zikuchokera m'kabisiketi kaja?"

"Eya, ababa."

"Ndipo wamanga ndiwe?"

"Ndine, ababa."

Bambo ake anavula chipewa. Kenako anasenza thumba lake la chimanga n'kutuluka nalo. Pobwera anaika kiyi wa chipinda patebulo, pambali pa kapulasitiki kokwinyika kaja.

Ine ndinapita kunyumba, ndinatenga mpeni wosendera mbatata, n'kulowa pabalaza. Ndinayamba ndi mpando wapakona, umene amayi ankakonda. Pulasitiki inali itauma, inkangothetheka. Zaka zonsezi ndinkadziwa kuti mipandoyo ndi yotuwa, koma nsalu inatuluka yobiriwira ngati masamba a chimanga chaching'ono, ya timaluwa tachikasu. Nditaisisita inali yofewa kwambiri. Amayi anasankha nsalu imeneyo okha m'sitolo, anakhala pampandowo tsiku lililonse mpaka kumwalira, koma khungu lawo silinaikhudzepo.

Ndinalira, mpeni uli m'manja. Kenako ndinaitana mwana kuti abwere adzakhalepo, ndi fumbi lake lomwelo.